Mano a Bambo Anasamuka

"Kodi mano a munthu amasamuka?"

Bambo anafunsa funsoli Lamlungu masana, titangobwerako kutchalitchi, atagwira chimanga chootcha m'manja. Amayi anali akuwodzera pampando wa pakhonde, mpango wa mvano udakali kumutu, ndipo ine m'kamwa munali modzaza. Bambo analumanso chimangacho, nayendetsa njere ku tsaya la kumanja, kenako la kumanzere, kenako anazilavulira nkhuku zili zathunthu.

"Otafunirawa sakukumananso," anatero, ataona kuti funso lija lapita pachabe. "Akutsogolo okha ndi amene akugundana, ngati atonde awiri."

Nkhuku zinasangalala. Amayi anadzidzimuka, natambasula dzanja ngati akufuna kukankha munthu, ndipo ataona kuti kunja kuli dzuwa analibweza pamwendo.

Dzanja limenelo lili ndi mbiri yake. Bambo anga, a Grain, amaliza mkonono womwe m'mudzi mwathu, kufupi ndi doko la Kachulu, unasanduka nthabwala kalekale. Asodzi amati kukagwa nkhungu pa Chilwa safuna nyali. Amangotchera khutu kumene kuli nyumba ya a Grain n'kuyamba kupalasa. Chimene asodziwo sadziwa ndi zomwe zimachitika pakati pa mkonono ndi mkonono. Phokoso limakwera, kukwera, kenako limaduka. Chifuwa chimalimbana chokha, mpweya osalowa. Pakapita kanthawi munthu uja amatsamwa n'kukoka mpweya ngati wavuulidwa m'madzi. Mmawa sakumbukira kalikonse. Amangodandaula mutu n'kupempha tiyi.

Amayi, a Rhoda, anaphunzira ntchito yawo ine ndisanabadwe. Phokoso likaduka iwo amadzuka, kuwagogoda bambo ndi chigongono, kuwatembenuza kuti agonere m'mbali, n'kudikira kuti mkonono uyambirenso.

"Phokosolo silindivuta," ankatero. "Limandiuza kuti munthu alipo. Ine ndimadzuka akakhala chete."

Tulo tawo tinkabwera masana, tidutswatidutswa. Ankawodzera mu ulaliki. Ankawodzera kumunda wa mpunga ku Likangala atapita kukaingitsa mbalame, mbalamezo n'kumadya mwaulemu pafupi ndi mapazi awo. Pamkono ali ndi chipsera cha poto wa phala amene anamugwera akuvundula. Anzawo a mvano anawapatsa dzina loti Nachitulo, ndipo iwo ankaseka nawo limodzi, chifukwa kufotokoza kukanatanthauza kuulula za kuchipinda.

Nditamaliza koleji ndinabwerera kumudzi kudzadikira ntchito, monga amachitira aliyense. Munthu wa digiri wopanda chochita ndi woopsa, amayamba kukonza abale ake. Ndinawerenga pafoni mpaka ndinapeza dzina la matendawa, ndipo ndinawavutitsa bambo mpaka anavomera kupita ku chipatala china cholipira ku Blantyre. Anawagoneka kumeneko atawamata timawaya. Mawa lake dokotala anatifotokozera kuti munthu wa matendawa akagona, makamaka chagada, lilime ndi minofu ya kummero zimagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Anati zikapitirira zimatopetsa mtima.

Njira zothandizira zinalipo. Dokotala anayamba ndi yoti bambo achepetse thupi, ndipo bambo anaika dzanja pamimba ngati wina wawapempha mwana.

"Mimba iyi ndailima ndekha, adokotala. Sinabwere ndi mvula imodzi."

Panali makina opopa mpweya kudzera m'chigoba cha pamphuno, omwe dokotala anati ndiwo amagwira ntchito kuposa zonse. Koma amafuna magetsi mpaka kucha, ndipo sola yathu ikatchaja mafoni awiri imakhala yatopa. Anawonjezera kuti kwa ena makinawo amaumitsa m'kamwa, ndipo m'kamwa mouma mano sachedwa kubooka. Atatchula opaleshoni ya kummero bambo anayamba kufunafuna chipewa chawo. Dokotala anathamangira kutchula zotsala bambo asanaime: kusokera kampira kumsana kwa malaya ogonera kuti munthu asamagone chagada, kapena kapulasitiki kovala pamano pogona, kamene kamakokera nsagwada ya m'munsi kutsogolo kuti kummero kukhale mpata.

Kapulasitikiko anatikonzera dokotala wa mano, a Ismail, munthu wolankhula akuseka. Anawalumitsa bambo phala lina lake louma msanga kuti apeze chikombole cha mano awo. Anachenjeza kuti masiku oyamba kukhala dovu ndi kuwawa kwa nsagwada mmawa, ndiponso kuti munthu akakavala nthawi yaitali mano amatha kusuntha, choncho tizibwera chaka chilichonse adzaone. Tinagwedeza mitu monga amachitira anthu amene maganizo awo ali kale kudepoti.

Amayi atakaona anakatcha nsapato ya mano, ndipo dzinalo linakhala. Bambo akavala ankaoneka ngati mlamba, chibwano chitatsogola. Koma nsapatoyo inagwira ntchito. Masiku oyamba amayi ankadzukabe, kuwagwira bambo pachifuwa, n'kupeza chikukwera ndi kutsika bwinobwino. Kenako thupi lawo linakhulupirira. Ndikukumbuka tsiku limene anadzuka dzuwa litakwera, nkhuku zitatopa kulirira m'khola. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya mtsikana, ndipo ndinali ndisanaionepo choncho. Anachita manyazi, nasesa bwalo lomwe ine ndinali nditasesa kale. Lamlungu lake anamva ulaliki wonse kuyambira poyamba mpaka pa ameni, nabwera akudandaula kuti sankadziwa kuti mlaliki wathu amabwereza mawu chonchi.

Sipanathe mwezi. Bambo amagula mpunga ku sikimu ya Likangala n'kukagulitsa ku Songani. Amanyamuka Lolemba, kubwera Loweruka, ndipo pakati apo ankati amagona kuseri kwa golosale ya mnzawo, a Harry. Loweruka lina anabwera opanda nsapato ija.

"Yagwera m'ngalande," anatero. "Ndimaitsuka, yangopulumuka m'manja. Ndiponso imandipweteka."

Ndinalankhula mpaka mawu anandithera, koma zokakonzetsa ina bambo anakaniratu. Amayi anatenga malaya akale a bambo, anasoka kathumba kumsana, ndipo poti kampira kunalibe anaikamo chitsononkho.

Chitsononkho chinkathandiza pang'ono. Bambo ndi olemera thupi. Pakapita masabata angapo chinkaphwanyika, amayi n'kuikamo china. Chigongono chinabwerera pantchito. Ku Songani bambo anakana kupita nawo malayawo, ati amuna anzawo angawaseke. Mungaganize kuti pakati pa sabata amayi ankapuma. Ayi ndithu. Bambo akachoka m'nyumba munkakhala zii, ndipo bata limenelo ndi lomwe linkawadzutsa. Ankapezeka atakhala tsonga, akufuna kutembenuza munthu woti palibe.

Zinapita choncho zaka zitatu. Ine ndinapeza kantchito kophunzitsa ku Zomba, ndipo kumudzi ndinkabwera kumapeto a sabata, ngati bambo. Ndiye tsiku la chimanga lija litafika ndinaganiza zomwe aliyense akanaganiza, kuti ndi ukalamba. Bambo anali ndi maganizo awo: mwina mankhwala otsukira mano a masiku ano, mwina ochita malonda anzawo a kaduka. Atayamba kukana nzimbe ndi matemba ouma, ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kupita nawo kwa a Ismail.

A Ismail anawakumbukira.

"A mpunga aja! Munati muzibwera chaka ndi chaka, lero ndiye mwatulukira. Tatsegulani tione ngati mwatibisira mpunga wa faya m'kamwamu."

Anasuzumira, anawauza kuti alume, atsegule, alumenso. Analowetsa kapepala kopyapyala pakati pa mano otafunira n'kukakoka, ndipo kanatuluka osagwidwa. Kenako anatulutsa m'kabati chikombole chija anaumba ulendo woyamba, nachiyerekeza ndi zomwe zinali m'kamwa. Nkhope yawo inawala ngati ya mphunzitsi amene wapeza mwana mmodzi yekha wochita homuweki.

"Achemwali, tabwerani mudzaone. Kale akumwambawa ankaphimba am'munsi, si apa? Pano akugundana nsonga ndi nsonga. Am'munsiwa apendekera kutsogolo, akumwamba abwerera m'mbuyo pang'ono, ndiye otafunira atsala m'malere. Si ukalamba uwu. Ndi kapulasitiki kathu kaja."

"Kanatayika kalekale," ndinatero. "Sanakavale ngakhale mwezi."

A Ismail anaseka.

"Mwezi? Ayi, achemwali, mano sasuntha ndi mwezi. Awa akhala akukankhidwa usiku ndi usiku, kwa zaka. Odwala anga ambiri amakavala masiku ochepa n'kukaponya m'kabati, akabwera kuno amandinamiza kuti amavala, koma mano amawaulula. Bambo anuwa ndi okhulupirika. Kunena zoona, mwa anthu onse amene ndinawakonzera, okhulupirika kwambiri ndi awa."

Bambo anali chigonere pampando uja, kukamwa kuli yasa, getsi likuwawalira kumaso. Sindinaonepo munthu wofunitsitsa kutseka pakamwa ngati iwo tsiku limenelo.

A Ismail anapitiriza, akusamba m'manja. Anati mano osuntha chonchi nthawi zambiri sabwereratu pamalo. Atha kuwaphunzitsa bambo kulumalumitsa mano mmawa uliwonse kuti nsagwada izibwerera, atha kukonzanso kapulasitikiko kuti kasamakoke kwambiri, kapena bambo akasiye n'kuganizanso za makina a mpweya aja.

"Pamapeto pake munthu amasankha, kutafuna bwino kapena kugona bwino. Ambiri amasankha tulo, ndipo ine sindiwadzudzula. Mayi akunyumba ayenera kuti akugona mokoma masiku ano, eti?"

Ndinayang'ana chithunzi cha dzino lalikulu chomwe chinali pakhoma.

"Mwabwera nako kuti ndikaone?" a Ismail anawafunsa bambo.

"Ndakaiwala kunyumba," bambo anatero, mawu akutuluka movutikira.

Tili panja, tikudikira minibasi, ndinafunsa.

"Kunyumba kuti, Ababa?"

Bambo anagula nthochi, chakudya chosafuna mano otafunira, nadya ziwiri akuyang'ana msewu.

Tinakwera ya ku Liwonde, yomwe imadutsa pa Zomba kenako pa Songani. Tisanatuluke n'komwe mumzinda bambo anatsamira pawindo natseka maso. Mayi wina amene anakhala nafe anandinong'oneza kuti madala atopa, ndiwasiye apume. Ndinavomera. Sindinamuuze kuti bambo anga akagona zenizeni dalaivala amakweza wailesi. Ulendo wonsewo sanatulutse ngakhale kaphokoso.

Minibasi itaima pa Zomba, tulo tawo tinatha nthawi yomweyo.

"Tamara, pako ndi pano."

"Ndikuperekezani."

"Mawa uli ndi ana asukulu."

"Sathawa."

Kondakitala anatiyang'ana, wina kenako wina, nagogoda denga kuti galimoto ipite.

Pa Songani bambo anandilondolera ku golosale ya a Harry mwachangu, ngati munthu amene akuthamangira kukaonetsa umboni. A Harry anali kuseri kwa kauntala akuyeza shuga, ndipo anayamba kulankhula asanakweze mutu.

"Mwafika, achimwene? Alamu anabwera kudzafunsa ngati…" Anakweza mutu. "Aa! Uyu si Tamara uyu? Wakulatu iwe! Ndikutsegulire chozizira?"

"Alamu ati, a Harry?"

A Harry anabwerera ku shuga wawo, nayamba kuyezanso yemwe anali atayeza kale.

Bambo anaima pakhomo kanthawi, chipewa chili m'manja. Kenako anachivala n'kuyamba kuyenda, ine pambuyo. Tinadutsa ogulitsa tomato, tinakhota pa chigayo, tinafika pa katiyirumu kopaka laimu, komwe kuseri kwake kunali nyumba yaing'ono yofolera malata.

M'minibasi ndinali nditakonzeratu chidani changa, ndipo ndinachikonzera mtsikana wa msinkhu wanga, wa zikhadabo zopenta. Amene anatuluka anali mayi wamkulu ndithu, wovala mpango wophimba mutu ndi khosi, manja ali mbuu ndi ufa wa mandasi. Dzina lawo a Maliyamu. Atamva kuti ndine Tamara anapukuta manja, anandiyalira mkeka pakhonde, nandipatsa moni wonse, mpaka kufunsa kuti amayi adzuka bwanji. Chidani changa chinasowa pokhala.

Pawindo la kuchipinda panali kapu yagalasi. M'kapumo, m'madzi oyera, munali nsapato ya mano. Pambali pake panali kamswachi kakang'ono, ka ana.

A Maliyamu anaona kumene maso anga anali.

"Ndimawatsukira mmawa uliwonse," anatero. "Paokha angamangokaviika basi, mukudziwa amuna. Anandiuza kuti ndi ka matenda a nsagwada."

"Nanga mkonono sukuvutani?"

"Mkonono wa ndani?"

"Wa bambo."

Anaseka, osati monyoza, koma ngati ndawauza kuti bambo amauluka.

"Awa? Awa amagona zii. Poyamba ndinkachita kuwaika dzanja pachifuwa kuti ndidziwe ngati alipo. Malemu amuna anga ndiwo anali ndi mkonono, mpaka oyandikana nafe ankagogoda khoma. Awa ndinawauziratu kuti ine za mkonono ndinatopa nazo. Mulungu anandimvera."

Bambo anali atakhala pampando chapatali, akuyang'anitsitsa nsapato zawo zenizeni. Tiyi amene anandipatsa ndinamwa, chifukwa ndinaleredwa bwino. Anali wokoma, ndipo zimenezo zinandiwawa.

Bambo anandiperekeza ku siteji. Titadutsanso chigayo chija, iwo ndi amene anayamba.

"Usaone ngati sindiwaganizira amayi ako."

Ndinapitiriza kuyenda.

"Kuno ndikapanda kuvala, ndani anganditembenuze? Mayi uyu akagona wagona. Ndikhoza kufa iye osadziwa. Koma kwathu kuli amayi ako." Ananena izi mokweza pang'ono, ngati akuwayamikira pamsonkhano. "Amayi ako sanaphonyepo. Ndikakhala kwathu sindiopa chilichonse."

"Mukanamayenda nayo. Imalowa m'thumba la malaya."

"Ndinanena kale kuti inagwera m'ngalande. Ikanatulukamo bwanji?" Anaganiza pang'ono. "Ndiponso amayi ako anazolowera."

Minibasi ya ku Zomba inabwera, ndipo ndinakwera osatsanzika. Pawindo ndinawaona akundikwezera dzanja, kenako akulitsitsa n'kugwira chibwano.

Masiku otsatirawo ndinaphunzitsa ana a fomu 2 zinthu zomwe sindikuzikumbukira. Maganizo anga anali pa mmene ndikawauzire amayi za mkaziyo mosawagwetsa. Ndinakonza mawu ofewa, ndinawasintha, ndinakonza ena. Loweruka ndinalawirira kuti ndikafike bambo asanafike.

Amayi ndinawapeza pabwalo akupeta mpunga, mkeka uli patsogolo pawo. Maso awo anali ofiira monga mwa masiku onse.

"Amayi, ndinapita ku Songani."

Lichero silinaime.

"Kwa Maliyamu?"

Ndinakhala pansi pomwepo, chikwama chidakali paphewa.

"Mumadziwa?"

"Iwe, Songani si ku Joni. Njinga zimene zimapititsa mpunga sizibwerera zopanda kanthu." Anauzira mankhusu. "Ndinadziwa chaka choyamba. Ndinalira zanga, ndinamaliza. Ankhoswe ndinawaitana, anakambirana, anadya nkhuku yanga, napita."

"Bwanji simunandiuze?"

"Kuti ukonze?"

Amayi anathira mpunga wopetapeta m'dengu, natapa wina.

"Akuti ndi mayi waulemu," anapitiriza. "Ine ndimamumvera chisoni. Ndikadzuka pakati pa sabata, m'nyumba muli zii, ndimati mnzanga uja panopa ali maso, akulimbana ndi chimunthu chonsechi. Iye sabata yonse, ine Loweruka ndi Lamlungu basi. Ndimati bola ine." Anaseka pang'ono. "Nthawi zina ndimamupempherera. Ndimati Ambuye, mumpatse chigongono cholimba."

Ndikanatha kusiyira pomwepo. Mawu onse ofewa aja ndinali nditawakonzera bala lomwe linapola kale, ndipo a bala ili ndinalibe.

"Sawatembenuza, Amayi."

"Ndiye amangowasiya? Adzawaphatu."

"Nsapato ija sinagwere m'ngalande. Ili pawindo pawo, m'kapu. Bambo amavala tsiku lililonse akakhala kumeneko, n'chifukwa chake mano asuntha. Mayiwo sadziwa n'komwe kuti bambo ali ndi mkonono."

Lichero linaima. Nkhuku zinayandikira, zinayamba kutola mpunga wa pamkeka, ndipo amayi sanaziingitse.

"Amagona?"

"Ndani?"

"Mnzangayo. Amagona mpaka kucha?"

"Anatero."

"Zaka zonsezi."

Sanali kufunsa. Anaika lichero pansi, nayamba kusisita chipsera cha pamkono ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati akufuna kuona ngati chingachoke.

"Unawafunsa bambo ako chifukwa chake?"

"Anati kuno kuli inu, simuphonya. Anati munazolowera."

Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nyimbo yoidziwa. Ine ndi amene ndinaimirira kuthamangitsa nkhuku.

Malo amene pali nyumba yathu ndi a kwawo kwa amayi. Bambo ndi mkamwini. Choncho amayi atalowa m'nyumba ndinayembekezera kumva sutikesi ikukokedwa kunsi kwa bedi. Anatuluka ndi malaya a kathumba aja, lezala, singano ndi ulusi. Anapita kuseri kwa khitchini kumene timaunjika zitsononkho zosonkhera moto, nagwada. Anatenga chimodzi, anachifinya, anachitaya. Anatenga china. Anasankha nthawi yaitali, monga amasankhira mbewu, mpaka anapeza chachikulu, cholimba, chopanda chibowo cha anankafumbwe. Anabwerera pakhonde, anasula kathumba ndi lezala, anakhuthula zinyenyeswa za chitsononkho chakale, nalowetsa chatsopanocho. Ulusi anaupinda pawiri.

"Ndikuthandizeni, Amayi?"

"Pitiriza mpungawo."

Ndinapeta. Sindidziwa kupeta ngati iwo, ndipo tsiku lina akanandiseka.

Bambo anafika pa kabaza dzuwa litapendeka. Ananyamula buledi ndi shuga monga mwa masiku onse, komanso chitenje chatsopano chomwe palibe anawatuma. Anandiyang'ana ine, kenako amayi, kenako inenso.

"Zikomo kuno."

"Fikani," amayi anatero.

Anaimirira, anawalandira katundu, anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, nawafunsa za ulendo ndi za msika. Chitenje chija anachiyamikira, nachiika pambali osachitambasula. Kenako anabwerera pa kusoka kwawo. Bambo anamwa madzi, ndipo ataona malaya aja pamwendo pa amayi mapewa awo anatsika, ngati munthu amene watula thumba la mpunga.

"Chija chaphwanyikanso?" anafunsa, mawu ali opepuka. "Zitsononkho za chaka chino n'zofooka."

Amayi anamanga mfundo, naluma ulusi ndi mano awo, omwe amakumana bwinobwino. Anapinda malayawo mosamala, chotupa cha chitsononkho chili mkati, nawaika m'jumbo.

"Tamara, lero undiyalire m'chipinda mwako," anatero. Kenako anatembenukira kwa bambo, mwaulemu monga mwa nthawi zonse. "Lolemba tinyamukira limodzi, bambo a Tamara. Malayawa ndikampatsa ndekha mnzangayo."